Mlendo Wolowera pa Kabowo

MUTU WACHINAYI

1. Masiku khumi

Miyezi inayi idakwana Lachiwiri, ndipo padatsala masiku khumi okha kuti amayi ake a Zuwena atuluke m'eda, nyengo yobindikira ya pambuyo pa maliro. Chimwalirireni amuna awo, mayiwo adali asanapondeko ngakhale pakhonde. Ankabindikira m'chipinda cha kum'mawa mazenera ali chitsekere, monga achitira mkazi wamasiye ku Pangani, tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Nyanja ankangoimva kulira, ndipo odutsa mumsewu ankangowazindikira mawu.

Komabe m'chipindamo munkabwera mlendo mmodzi tsiku ndi tsiku. Pa thabwa la zenera padali kabowo koti ngakhale chala cha mwana n'kulowa movutikira. Dzuwa likangovuuka m'nyanja, kakuwala kankadzera pamenepo n'kukatera pakhoma. Kenako kankatsika pang'onopang'ono kufika pa mtsuko wa madzi, n'kudzathera pamkeka. Pofika nthawi yoti anthu azibwerera kumsika, kadali katapita.

Kabowoko kadali kakale kuposa aliyense wa m'nyumbamo. Agogo awo a agogo ake a Zuwena, Binti Akida, adabindikira m'chipinda chomwecho amuna awo atatsalira panyanja, ndipo adalemba ndakatulo yaitali yonena za kakuwala komweko. Adailemba m'zilembo za Chiarabu ndi cholembera cha bango. Bukulo linkagona m'bokosi la mkuwa, litakulungidwa m'nsalu yoyera.

Wolisunga adali a Kibwana, amalume ake a Zuwena, katswiri wosoka maluwa pa zipewa. Adali munthu wa dzanja lofatsa koma wa pakamwa pamoto. M'mawa uliwonse ankakhala pakhomo pa chipinda cha mlongo wawoyo, singano ili m'manja, n'kumalakatula ndime za Binti Akida kuchokera pamtima:

Mlendo wanga saodira,
amalowera pa kabowo ngati nyerere.
Ndilibe mpando womupatsa,
amakhala pa mtsuko, amamwa osachepetsa madzi.

Zuwena adakula akumva mawu amenewa monga amvera munthu tambala, osawalabadira. Koma chiyambireni eda ankapezeka ataima chapafupi, buku la sukulu lili m'khwapa, akumvetsera mpaka kuchedwa nako.

2. Phunziro la dzuwa

Sukulu ya Zuwena idali kutsidya kwa mtsinje. Lachitatu, aphunzitsi a Shemdoe adalemba pabolodi mutu wakuti "Dzuwa m'ndakatulo zakale". Adafotokoza kuti alakatuli akale, a kwawo kuno ngakhale a maiko akutali, ankakonda kulipatsa dzuwa maudindo akuluakulu. Ena ankaliyesa mfumu yovala chisoti chamoto, ena diso la kumwamba losaphethira, enanso ng'anjo imene siizima. Ana adalemba zonsezo kwinaku akudzikupiza ndi makope, chifukwa mfumu yomweyo idali ikuotcha malata pamwamba pawo.

Aphunzitsi atafunsa ngati alipo wodziwa fanizo lina, mkono wa Zuwena udali m'mwamba kale. Mtsikanayu adali wanzeru, ndipo vuto lake lidali lakuti iyenso ankadziwa zimenezo.

"Kwathu dzuwa ndi mlendo," adatero. "Ndi lochepa ngati chikhatho cha khanda."

Kalasi yonse idafa ndi phwete. Mnzake wapamtima, Sikudhani, adamugunyuza n'kumunong'oneza kuti mwina kwawoko dzuwa amagula la mapisi. Koma a Shemdoe adakweza dzanja nauza Zuwena kuti anene zimene akudziwa. Zuwena adaimirira n'kulakatula ndime ya mtsuko ija, naonjezera inanso:

Masana amakwera pamkeka,
amandigwira chala cha kuphazi,
osandifunsa za maliro.

Aphunzitsi adavula magalasi n'kuyang'ana pazenera kwa kanthawi, ngati munthu amene wakumbuka kwawo. Adati pa zaka zonse zimene akhala akuphunzitsa, sadakumanepo ndi dzuwa lofatsa chotero. Atamva kuti mawuwo ali m'buku lolembedwa pamanja, maso awo adawala.

Apo ndi pamene mtsikana wina wa kumbuyo adaponya mawu akuti Zuwena wangopeka yekha, buku kulibe. Ena adavomereza. A Shemdoe adawaletsa, nati angakonde kuliona bukulo ngati akuluakulu a pakhomopo atalola. Zuwena adamva bwino lomwe mawu akuti "kuliona", koma akuti "atalola" adadutsa ndi mphepo.

3. Chenjezo la amalume

Madzulo a tsikulo adawapeza amalume ake pakhonde akusoka. Adawapatsa moni mogwada, n'kuwathirira khofi asanapemphe, ndipo a Kibwana adadziwiratu kuti pali nkhani. Atamva pempho lake, adabaya singano pachipewa n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Khala pansi, mwana iwe," adatero. "Buku limeneli si la masamu, loti uziliunjika m'chikwama pamodzi ndi mandazi. Inki yake ndi mpunga wopsereza wosakaniza ndi utomoni. Siilowerera m'pepala ngati ya masiku ano, imangokhala pamwamba. Madzi akaikhudza imafewa, ndipo dzuwa likaiomba ili yofewa imauma n'kuyoyoka. N'chifukwa chake mvula yaikulu ikatha ndimaliyala pamthunzi kuti mphepo yokha ilipite, kenako ndimaikamo masamba a nimu. Ife anthu a kunyanja tili ndi matenda amodzi. Chilichonse chikanyowa timathamangira nacho padzuwa. Nsomba padzuwa, kokonati padzuwa, ukonde padzuwa, mwana akakodzera mkeka, padzuwa. Koma bukuli ayi. Mwini wake adalilembera mumdima, ndipo dzuwa limene limalidziwa ndi la pa kabowo lokha."

Zuwena adati adzalisamala ngati dzira. Amalumewo adapukusa mutu.

"Sindinathe. Masamba asanu ndi awiri akumapeto, omangidwa ndi ulusi wofiira aja, ngakhale ine sindiwadziwa. Amamasulidwa m'mawa umene wamasiye akutuluka. Amawerenga ndi mwana wamkazi wa m'banja lino ataima pakhomo, ife amuna tili chapatali. Ulendo uno wowerenga ndiwe, ndipo amene akudikira ndi mayi ako. Ukudziwa chifukwa chimene amayi ako aakulu, a Mwantime, saponderanso pano? Adafuna kupita nalo ku chilumba cha Pemba bukuli, ine n'kukana kuti lisawoloke madzi. Lero zaka khumi ndi chimodzi sitinapatsane moni. Ndiye ndimane mlongo wanga wobadwa naye, ndipatse iwe kuti ukatseke pakamwa ana oseka? Aphunzitsi akowo miyendo ali nayo. Abwere mwambo ukatha, khofi sasowa pano. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Zuwena adayankha kuti wamva. Kumva adamvadi, pakuti makutu ake adalibe vuto lililonse.

4. Mwera pamtsinje

Lachinayi m'mawa a Kibwana adalawirira kukapereka zipewa kwa wamalonda wina. Kiyi wa bokosi ankamubisa m'chipewa chakale chopachikidwa pa msomali, ndipo chinsinsi chimenechi ankachidziwa aliyense m'nyumbamo kupatula mphaka. Zuwena adatsekula bokosi, fungo la nimu n'kumulandira. Adalowetsa bukulo m'chikwama, nadziuza kuti pofika masana likhala litabwerera pamalo pake.

Chifukwa chodikira kuti amalume achoke, adapeza chombo chowolotsa anthu chitanyamuka. Padoko padali Sikudhani, amene kuchedwa kudali chibadwa chake. Awiriwo adakwera ngalawa yaing'ono pamodzi ndi amayi atatu ogulitsa nsomba.

Idali nyengo ya mwera. Pamene mtsinje ukumana ndi nyanja madzi ankavina, koma kuwala kwa m'mawa kudali kutayala pamwamba pake ngati nsalu ya mkwatibwi. Zuwena adafungatira chikwama chake n'kumangoyang'ana kunyezimirako. M'maso mwake ankaona kale aphunzitsi akutsekula bukulo mwaulemu, ndi mtsikana wa kumbuyo uja nkhope itagwa.

Funde silidaodire. Lidamenya m'mbali mwa ngalawa n'kukhuthukira pamiyendo ya onse. Amayi a nsomba aja adaseka, namutukwana mwanthabwala mwini ngalawa kuti akuwasambitsa asanapemphe. Zuwena yekha ndiye sadaseke. Pansi pa chikwama chake pankadontha madzi.

5. Padzuwa

Atatsika, sadalowere kusukulu. Adakokera Sikudhani kuseri kwa nyumba ina yakugwa, pamene padali khoma lalifupi la miyala ya m'nyanja. Adavundukula nsalu yoyera ija. Masamba akutsogolo adali ouma bwinobwino. Koma asanu ndi awiri akumapeto, amene adali pansi, adali atamwa madzi amchere, ndipo ulusi wofiira udali utayamba kusuluka.

"Ndafa ine," adatero Zuwena.

"Wafa chiyani? Yanika," adayankha Sikudhani. "Dzuwa lonseli ukuliona? Kope langa la sayansi linagwerapo m'chitsime, lero ndi ili."

Chenjezo la dzulo lidabwera m'mutu mwa Zuwena, lonse lathunthu. Koma kuyanika pamthunzi kukadatenga masiku, pamene amalume adali oti abwerera madzulo omwewo. Mantha ndi mlangizi woipa. Adamasula ulusi uja, nayala masambawo pakhoma limodzilimodzi, n'kuwapsinja ndi timiyala m'ngodya.

Poyala adatembenuzira nkhope kumbali kuti asawerenge, popeza tsiku lake lidali lisanakwane. Taonani nzeru za mwana: lamulo laling'ono adalisunga mosamala, lalikulu ataliphwanya kale. Komabe diso ndi kamberembere, lidagwira mzere woyamba wokha:

Lero mlendo ndine, dzuwa ndiye mwini nyumba.

Sikudhani adathamangira kukalasi, atalonjeza kukanena kuti mnzake wadwala mutu. Zuwena adakhala pansi pa mtengo wa nimu kuti azilondera. Mphepo inkawomba mofunda, nyanja ikupuma chapatali. Kuwala kodutsa m'masamba kunkasewera pa siketi yake, timadontho tambirimbiri toyendayenda. Adayamba kutiwerenga, koma asanafike patali zikope zidalemera.

Adapezeka ali m'chipinda cha kum'mawa chija. Pamkeka padakhala mayi wovala zoyera, atamufulatira, akulemba ndi bango. Kakuwala kadali katakhala pa bondo lake, phee, ngati kamwana ka mphaka, ndipo mayiyo ankakasisita ndi dzanja lamanzere. Kenako kadayamba kukula. Kadadzaza mkeka, kadameza mtsuko, kadakwera makoma, mpaka matabwa a zenera adayamba kuthetheka. Mayiyo sadacheuke. Adangofunsa motsitsa mawu kuti, "Mlendo wanga sadya zambiri. Ndani wamuitanira phwando?"

Zuwena adadzidzimuka ndi mawu oitanira anthu kumzikiti ku swala ya masana. Mthunzi udali utamuthawa kalekale, ndipo khoma lija linkatentha ngati chiwaya.

Masamba aja adali atauma ndithu. Adali atapindikapindika ngati makoko a chinangwa, mchere ukunyezimira pamwamba pake. Atagwira loyamba, zilembo zidayoyoka n'kugwera pamwala ngati mamba a nsomba, mphepo n'kuziulutsa. Ena adali atayoyoka kale okha. Padangotsala mabanga otuwa, osonyeza pamene mawu adali kukhala. Mtsikanayo adayamba kulira.

6. Nzeru ya Sikudhani

Ana ataweruka, Sikudhani adamupeza akadali pomwepo. Ataona masambawo adagwira pakamwa, koma iye sadali munthu wosowa nzeru nthawi yaitali, ngakhale kuti nzeru zake zambiri zidali zolowetsa m'dzenje.

"Tamvera," adatero. "Wati amalume ako sawadziwa mawuwo. Amayi ako sawadziwa. Wowerenga ndiwe, ndipo amuna amaima patali. Ndiye vuto lili pati? Manganso ulusiwo, ubwezere m'bokosi. Masiku alipo, upeke zako. Iwe pa ndakatulo ndiwe dolo. Tsikulo udzangogwira mapepalawo n'kumayendetsa maso. Adzadziwa ndani?"

Zuwena adamanga ulusi uja. Pobwerera adakwera chombo chachikulu, ndipo madzi adali bata ngati kuti sadalakwepo kanthu. Asanafike tsidya lakwawo adali atapeka kale mizere itatu, ndipo kunena zoona idali yokoma.

Adapeza amalume asanabwere. Adabwezera buku m'bokosi, kiyi m'chipewa, ndipo chilichonse chidaoneka ngati m'mawa. Kenako adatenga tiyi kupita naye kwa amayi ake.

M'chipindamo mudali kamdima kozizira. Mayiwo adali ataonda, koma adamwetulira. Adamuuza kuti m'mawawo mlendo adachedwerapo pa mtsuko, ngati kuti nayenso akudziwa kuti masiku ocheza atsala ochepa. Kenako adamugwira dzanja.

"Tsiku limene agogo ako ankatuluka ndinali ndi zaka zisanu," adatero. "Mawu ake sindikumbuka ndi limodzi lomwe. Ndimangokumbuka kuti amayi anaima pakhomo apo ataphimba kumaso, akukana kutuluka. A Mwantime atawerenga, amayi anachotsa manja kumaso n'kuseka. Kanali koyamba kuseka chimwalirireni abambo. Ine, mwanangu, kunja ndikukuopa. Kulikonse kumene ndidzayang'ane ndidzaona pamene bambo ako ankadutsa. Koma ndimadziuza kuti mayi amene anakhala pamkeka uno ine ndisanabadwe anapeza mawu otulukira, ndipo anandisiyira. Ndikuwadikira kuposa mmene ndikudikirira kuona nyanja."

Mizere itatu ija idazizira m'mutu mwa Zuwena. Iye adali asanabindikirepo ngakhale tsiku limodzi. Akadawadziwa bwanji mawu otulutsa munthu m'chipinda chotere?

7. Pakhonde

A Kibwana adafika dzuwa litapendeka, ali osangalala chifukwa zipewa zonse zidatengedwa. Atangokhala pansi n'kutulutsa singano, Zuwena adatulukira atanyamula bukulo ndi manja awiri. Adagwada, nalivundukula pamaso pawo, n'kufotokoza zonse kuyambira pa kiyi mpaka pa khoma lotentha. Za Sikudhani sadatchule, chifukwa manja amene adayala masambawo adali ake.

Ankayembekezera mkuntho, koma mkuntho sudabwere, ndipo zimenezo zidamuopsa koposa. Amalumewo adamasula ulusi, natembenuza masamba opanda kanthuwo limodzilimodzi ndi nsonga ya chala.

"Bukuli lapirira chiswe, lapirira mvula ya zaka zoposa zana," adatero potsiriza. "Ukadabwera nalo lili lonyowa, tikadaliyala pamthunzi n'kupulumutsa mawu. Funde silinaphe bukuli, mwana iwe. Laphedwa ndi mantha ako oopa kukalipiridwa. Kukalipa kwanga kukadatha usanamalize kumwa tiyi, koma madzi akatayika saoleka. Chimodzi chokha wachita bwino: sunadikire kuti ukaname pakhomo pa mayi ako. Wawerengako?"

"Mzere umodzi, amalume."

"Usandiuze. Si wanga."

Kuwala kwa madzulo kudali kutafiira pa makoma a nyumba za tsidya la msewu. Kenako a Kibwana adanena, ngati akulankhula ndi singano yawo, kuti padziko lonse patsala munthu mmodzi yekha amene adawerengapo masamba amenewo: a Mwantime. Adawawerengera amayi awo, ndipo mutu wawo sutaya kanthu, kaya ndi ndakatulo kaya ndi mangawa.

Nthawi yomweyo mawu ofatsa adamveka kuchokera m'chipinda cha kum'mawa.

"Achimwene, mwalitulutsa kale bukulo? Ndikumva fungo la nimu."

Zuwena adayang'ana amalume ake. Nkhalambayo idatseka maso.

"Tikungoliona, mlongo wanga," adayankha. "Pumulani."

Adakulunga bukulo m'nsalu yake pang'onopang'ono, monga akulungira munthu chinthu chimene sichidzadzukanso. Kenako adavula magalasi n'kumuyang'ana mtsikanayo m'maso.

"Chombo cha ku Pemba chimanyamuka ku Tanga Loweruka. Ndikuperekeza mpaka pa msewu wa nyumba yawo, koma pakhomo ukagogoda wekha. Ine a Mwantime sangandipatse ngakhale madzi akumwa."

"Nanga akakandikana ine?"

A Kibwana adatola singano yawo, koma ulusi udakana kulowa.

"Atsala masiku asanu ndi atatu," adatero. "Akakakukana, mayi ako adzaima pakhomo apo ataphimba kumaso, ndipo iwe udzakhala ndi mzere umodzi."